Phewa la Ezron ndi Phazi la Amock

Eneless ndi Olipa anali a mimba imodzi, ndipo nyumba zawo zinayang'anizana pamudzi wa amayi awo kwa Mwase Lundazi. Eneless ndiye anali wamkulu. Ndiyenso anayamba kukwatiwa, ndipo anakwatiwa bwino. Mwamuna wake, Ezron Mvula, anali wamtali, wa chifuwa chotakata, munthu wonyamula yekha mtanda wa nyumba pamene ena ankagwirizana atatu. Olipa anakwatiwa ndi Amock Zimba, munthu wamfupi wolankhula motsitsa, amene atsikana ankamuseka kuchitsime kuti mpini wa khasu lake ndi wautali kuposa mwini wake. Eneless ankaseka nawo, ngakhale ankabisa pakamwa ndi dzanja.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanabuke, chaka china mvula inavuta, msonkho uli pakhomo. Amuna awiriwo ananyamuka limodzi kupita kumigodi ya mkuwa, akazi n'kutsala ndi minda ndi ana.

Woyamba kubwerera anali Amock. Anafika akutsimphina, ndodo m'manja, koma pambuyo pake panali amtengatenga, wina atasenza bokosi lamatabwa, wina akukankha njinga yakuda yonyezimira. Ngolo ya miyala inamuponda phazi lakumanja pansi pa mgodi n'kudula zala zitatu ndi mbali ya phazilo. Kampani inamugoneka m'chipatala, dokotala anayeza chimene chinatayika, ndipo anamupatsa chipukuta misozi. M'bokosi muja munali makina osokera opalasa ndi phazi. Kusokako anaphunzira kwa telala wina wa ku Nyasaland pamene ankadikira kuti bala lipole.

Olipa ataona phazilo analira kwambiri. Eneless analira naye, ndipo misozi yake inali yoona. Mumtima ankati, mng'ono wanga watsala ndi mwamuna wamfupi, tsono wopundukanso.

Ezron anabwera dzinja lina litadutsa. Anthu anamuona akuchokera kutali, wamtali monga kale, manja awiri, miyendo iwiri. Pamutu panali bokosi lachitsulo, m'bokosimo bulangeti, malaya awiri ndi nsalu imodzi ya mkazi wake. Eneless anayang'ana kunjira kudikira amtengatenga. Kunalibe.

Alendo atabalalika anamufunsa mwamuna wake ali pakhonde.

"Atate ake a Keziya, tinamva kuti nanunso munavulala. Sanakupatseni kanthu?"

"Akuti palibe chinatayika," anatero Ezron.

Anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali pansi. Makina obowolera miyala anamukankha tsiku lina, phewa lakumanja n'kuguluka. Kuchipatala cha kampani analibwezera, anapumula pang'ono, n'kutsikiranso pansi. Linagulukanso akunyamula thabwa. Kachitatu linaguluka akungotambasula mkono kuti agwire makwerero.

"Pamenepo dokotala anati ili si bala latsopano, ndi lakale lija. Ine ndinati, lakalelo ndinalitenga kuti, si m'mgodi mwanu momwemu? Kalaliki wotanthauzila anati, lakale tinakuchiza, unachila, nkhani yake inatha. Latsopano kulibe. Ndiye alipile chiyani? Anangondiuza kuti ntchito ya pansi sindingaithenso, ndizipita kwathu."

"Basi?"

"Basi."

Tsidya lina la bwalo makina a Amock anali kulira, kalakata kalakata kalakata.

Mvula itagwa anapita kumunda. Ezron anakweza khasu kangapo konse, kenaka anakuwa n'kugwa pamzere, mkono ukulendewera ngati wa munthu wina. Eneless anafuna kuthamangira kumudzi, koma mwamunayo anamuletsa. Anagona chagada n'kumuuza chochita monga ankaonera kuchipatala: ponda ndi chidendene m'khwapamu, gwira dzanja, koka pang'onopang'ono, usasiye ngakhale ndikuwe. Eneless anakoka. Phewa linamveka gudu, n'kubwerera m'malo mwake. Ezron anatsala ali thukuta kamukamu.

Limenelo linali tsiku loyamba. Linagulukanso akudula nsungwi za nkhokwe, linagulukanso akufolera chigafa cha fodya, tsiku lina akungovula malaya. Nthawi iliyonse mkono unkakhala masiku ambiri wosagwira kanthu. Eneless anazolowera ntchitoyo kufikira ankaichita osalankhula, n'kubwerera kukhasu lake. Munda anaulima yekha. Manja ake anauma, msana unkapweteka, ndipo akaweramuka kuti apume ankaona anthu akudutsa m'njira ndi nsalu m'khwapa, akupita kwa telala.

Pakhonde la Olipa sipankatha anthu. Aphunzitsi ankabwera kudzasoketsa makabudula, akazi a kwa Chikomeni ankayenda mtunda wonsewo ndi nsalu za ukwati. Amene analibe ndalama ankabwera ndi nkhuku kapena dengu la mtedza. Olipa analemba aganyu kumunda. Anayamba kumwa tiyi wa shuga m'kapu yamaluwa. Kutchalitchi amayi ankamusunthira malo pabenchi, ndipo Eneless, wamkulu, ankakhala kumbuyo ndi chilundu chake chofwifwa.

Chimene chinkamuwawa koposa n'chakuti anthu ankamumvera chisoni Amock. Akadutsa ndi ndodo yake ankati, "Mgodi ndi woipa, taonani munthu wa Mulungu." Koma akaona Ezron atakhala pamthunzi nthawi yolima, chimunthu chonsecho, ankanong'onezana. Tsiku lina kuchitsime Eneless anamva Loyce, mkazi wa pamudzi pomwepo, akuuza anzake kuti amuna ena akalawa moyo wa m'tauni khasu limawalemera.

Eneless anasiya kupita kwa mng'ono wake. Mchere ukatha ankadya ndiwo zozizira kusiyana n'kukapempha. Mwana wake Keziya akabwera ndi kansalu kotsala kamene Amock wamupatsa kuti azisewera nako, ankamulanda n'kukaponya pamoto. Kulira kwa makina kunkamutsata kulikonse, ngakhale kudimba kumene sikukanamveka. Nthawi zina ankaima kuseri kwa nkhokwe n'kumayang'ana Amock atawerama pa makinawo, kamunthu komwe kaja ankakaseka, ndipo ankadzifunsa kuti analakwa pati posankha.

Khirisimasi itayandikira Olipa anabwera yekha, atanyamula chinthu chopindidwa bwino.

"Monile, akulu. Mwatandala uli?"

"Tatandala."

"Alamu anu akusokelani ka dilesi. Akuti mukavale pa Khilisimasi."

Inali diresi yobiriwira ya timaluwa toyera, yokongola kwambiri. Eneless anaigwira ndi nsonga za zala. Anaona kuti nsaluyo ndi yomwe Olipa anavala Lamulungu lapitalo, kusonyeza kuti yake yasokedwa ndi zotsala.

"Kuti anthu akatione tafanana, adziwe amene wavekedwa ndi mnzake?"

"Iyayi, akulu, si choncho."

"Tenga. Ine sindinafike poyenda maliseche."

Olipa anatenga diresiyo n'kubwerera. Ezron anali atakhala pambali pa nyumba, mkono uli m'nsalu yokoleka m'khosi, chifukwa phewa linali litagulukanso dzulo lake. Anamva zonse.

"Amake Keziya, mwamuchititsa manyazi m'bale wanu popanda chifukwa."

Eneless anatembenuka. Mawu amene anawasunga miyezi yonseyo anatuluka okha.

"Manyazi? Manyazi ndimadya ine tsiku ndi tsiku! Munapita awili, mgodi umodzi. Mnzanu anadziwa kuvulala, inu ngakhale kuvulala kwenikweniko kunakukanikani. Bola mukanaduka zala, tikanaona chogwila!"

Ezron anayang'ana dzanja lake lamanzere, analitembenuza uku ndi uku.

"Ndamva," anatero.

Masabata angapo anadutsa osanenapo kanthu. Phewa linapola monga linkachitira. Ndiye m'mawa wina Eneless pochokera kumunda anapeza bulangeti palibe, malaya palibe. Keziya anati atate apita kukafuna nsungwi. Koma Loyce, amene ankachokera kwa abale ake, anati wakumana nawo panjira ya ku Boma.

"Akuti kwabwela lole ya olemba anthu a kumigodi ya kumwela. Ndinawafunsa kuti a Mvula, ndi phewa lanulo? Anangoseka, akuti ulendo uno akatenga bala looneka."

Eneless anatula khasu pansi. Anaima pabwalo osadziwa kolowera, kenaka anawoloka bwalo lija limene sanaliwoloke kwa miyezi. Pakhonde panalibe munthu, makina anali ataphimbidwa. Anazungulira kuseri kwa nyumba.

Fungo ndilo linayamba kumufika. Amock anali atakhala pampando, mwendo uli pa mtondo wogonekedwa, Olipa atagwada ndi beseni la madzi amchere. Nsapato yaikulu imene Amock ankavala nthawi zonse inali pambali. Pamene panali zala panali chilonda chotseguka, chofiira, chotuluka mafinya, ndipo phazi linatupa kufika m'kakolo. Amock analuma kansalu kuti asakuwe.

Olipa anafuna kuphimba, koma anachedwa.

"Chayamba liti?" anafunsa Eneless.

"Mvula ikangoyamba chimatseguka," anatero Olipa. "Chaka chatha chinatelonso. Akuti anthu akadziwa asiya kubwela ndi nsalu zawo."

"Nanga akampani?"

Amock anachotsa kansalu pakamwa. "Ndinapita ku Boma, alamu. Anawalembela. Yankho linati nkhani yanga inatsekedwa tsiku limene ndinalandila. Phazi analipila kamodzi, koma ilo silinamve kuti nkhani inatha."

Eneless anayang'ana chilondacho. Chinthu choyamba chimene anamva mumtima sichinali chisoni. Chinali kupepukidwa, ngati munthu amene watula mtolo, ndipo atazindikira zimenezo anachita manyazi mpaka nkhope inatentha. Anawauza za Ezron ndi mawu amene Loyce anamva.

Amock anasintha nkhope. "Ndinawaonapo otelo. Munthu amaika chala panjanji kuti ngolo idule chimodzi. Koma ngolo siyeza, alamu. Wina wa ku Mzimba inamutenga mkono wonse, anafela m'chipatala. Ndipo akakudziwa kuti wachitila dala, sulandila kanthu. Thamangani. Lole imeneyo sinyamuka isanadzaze. Tengani njinga, tipeze munthu akupalasileni."

"Njinga yanu ikhale," anatero Eneless. Ngakhale pamenepo sakanatha kuikwera.

Anasiya Keziya kwa amayi ake n'kuyamba ulendo wapansi. Dzuwa linamulowera panjira, anagona kwa a Justina, azakhali ake, ndipo m'mawa mwake anafika ku Boma mapazi atatupa.

Lole inaima pansi pa mitengo. Amuna anali pamzere, malaya atavula. Kutsogolo kunali kapitawo wa chipewa chachikulu ndi munthu wa kuchipatala wovala zoyera, amene ankayang'ana aliyense m'maso ndi m'kamwa, kumugogoda pachifuwa, kenaka kumuuza anyamule thumba la mchenga kufika pamwamba pa mutu. Wokhoza ankapita kumanja, ku lole. Ezron anali pafupi kufika, mutu wake ukuoneka pamwamba pa anzake.

Eneless anaima pakati pa amayi ogulitsa chimanga chootcha. Mkazi sakanalowa pamzere wa amuna kukakoka mwamuna wake pamaso pa anthu. Ezron sakanamukhululukira, ndipo mwina sakanamvera. Anangoyang'ana. Kapitawo ataona chifuwa cha Ezron anamwetulira n'kunena kanthu kwa mnzake. Ezron anawerama, anagwira thumba, analifikitsa m'mawondo, analifikitsa pachifuwa. Eneless anapezeka akupemphera, ndipo pemphero lake linali lakuti, Ambuye, ligulutseni.

Thumba linafika pamphumi. Ezron anakuwa, thumba linagwa, iye n'kugwera pomwepo, mkono ukulendewera.

Ena pamzere anaseka. Kapitawo anakalipa kuti amuchotse, akuchedwetsa anthu. Wa zoyera uja anawerama n'kuyamba kupinda mkonowo mokayika, Ezron akukuwa koposa. Apo Eneless anaiwala za manyazi. Anapyola pakati pa amunawo, anakankha dzanja la wa zoyera, anagoneka mwamuna wake chagada m'fumbi, anakhala pansi, chidendene m'khwapa, n'kukoka. Gudu.

Pamenepo mayi wina wa chimanga analuluta, ena n'kuseka, koma kuseka kwina tsopano. Wa zoyera anafunsa kuti mayiyu waphunzira kuti zimenezi. Eneless anangomasula mpango wake wakumutu, anakoleka mkonowo m'khosi mwa Ezron, anatola malaya ndi bulangeti, n'kumudzutsa.

Anayenda mtunda wautali, mwamuna patsogolo, mkazi pambuyo. Atafika pamtsinje anakhala kuti amwe madzi.

"Mwabwelelanji?" anafunsa Ezron osamuyang'ana. "Si zimene munafuna?"

"Ndinalankhula zoipa."

"Munalankhula zoona. Ine mwini ndimamuyang'ana Amock, ndimati bwanji ngolo ija sinaponde ine. Tsiku limenelo tinali malo amodzi. Ine ndiye ndinalumpha msanga."

Eneless sanadziwe kuti nayenso mwamuna wake ankadwala nthenda yomweyo. Anamuuza zimene anaona kuseri kwa nyumba ya Olipa, beseni ndi fungo lija. Ezron anamvetsera, anapukusa mutu.

"Komabe makina ali nawo," anatero.

"Ali nawo," anavomera Eneless.

Kumudzi nkhani inawatsogolera. Amuna ena amene anakanidwa ku Boma anali atafalitsa kale kuti chimphona cha kwa Mvula chinagwa ndi thumba la mchenga, mkazi wake n'kuchilumikiza ngati mpini wa khasu. Kunali kuseka, koma za ulesi zija zinatha. Loyce mwini anabwera ndi nkhwani kudzapepesa odwala.

Dzinja limenelo phazi la Amock linakula. Kutupa kunafika m'bondo, ndipo ngakhale ankapalasa ndi phazi lamanzere, kukhala pampando nthawi yaitali kunkamupweteka. Makina anakhala chete masiku ambiri. Eneless anadabwa kuona kuti cheteyo sakumusangalatsa monga ankaganizira. Nsalu za anthu zinaunjikana, ena anayamba kudzatenga zawo.

Olipa ndiye anabwera. Sanakhale pamphasa, anaima pakhomo.

"Akulu, alamu anu akuti ngati a Mvula angalole, adzawathandize. Iwo azidula nsalu ali gone, a Mvula azipalasa. Kusoka sikufuna kukweza mkono. Zopeza tizigawana."

Eneless anafuna kukana. Mwamuna wake, wantchito wa Amock! Mawu anali kale pakamwa. Koma Ezron anatulukira m'nyumba n'kunena kuti, "Yewo, alamu. Ndibwela mawa."

Poyamba ankathyola masingano, zala zake zazikulu zikusochera pansalu. Amock ankamulangiza ali pamphasa, mwendo uli pa mtolo wa nsanza, osakweza mawu. Pofika nthawi yokolola mtedza Ezron ankasoka kabudula yekha. Chilonda cha Amock chinatsekeka mvula itatha, anabwerera pampando, koma anayamba kusinthana, chifukwa onse ankadziwa kuti dzinja likubweranso. Phewa la Ezron silinasiye kuguluka. Linkangochita kamodzikamodzi tsopano, akaiwala n'kutambasula mkono kufuna chinthu chapamwamba.

Zinapezeka kuti Ezron anali ndi diso. Kolala yake inkakhala bwino, mzere wake unkawongoka. Tsiku lina Eneless anapita kukapereka madzi akumwa pakhondepo, ndipo anapeza mkazi wa mphunzitsi atafika ndi nsalu ya jekete la mwamuna wake. Amock anatambasula manja kuti alandire.

"Pepani a Zimba," anatero mayiyo, "aphunzitsi akuti asoke a Mvula."

Amock anaseka n'kupatsira nsaluyo kwa mnzake. Koma Eneless anayang'ana Olipa, amene anaima pakhomo ndi lichero. Anaona mng'ono wake maso atauma, akuyang'ana nsalu ija ikuchoka m'manja mwa mwamuna wake. Eneless anaidziwa nkhope imeneyo. Mumtima mwake munatsekemera, ndipo kutsekemerako anakusunga tsiku lonse, ngakhale ankadziwa kuti si kwabwino.

Mawa lake Eneless ndi Olipa anasinja chimanga limodzi mumtondo umodzi, monga ankachitira ali atsikana. Misi inkasinthana, wina akakweza wina akutsitsa. Olipa analankhula osaleka kusinja.

"Akulu, makina aja ndi phazi la amuna anga. Musaiwale."

"Sindinaiwale," anatero Eneless.

"Anthu ayamba kunena kuti kwa telala Mvula."

"Ndawamva."

Olipa anadikira kuti mkulu wake awonjezere mawu ena, koma Eneless anangothira timadzi mumtondo n'kukwezanso munsi. Anasinja mpaka mphale itayera, anapeta, aliyense n'kunyamula lichero lake kupita kunyumba kwake.